Pepala Lomwe Linakulunga Mchere ku Lizulu

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza ndili ndi mbatata m'manja. Ndinali nditamaliza sukulu ya kutaipa ku Lilongwe, satifiketi ili phee m'sutikesi, koma ntchito kunalibe. Ndiye ndinkathandiza azakhali anga kugulitsa kachewere m'mbali mwa msewu pa Lizulu. Tsiku lina panaima lole ya bungwe lina lothandiza anthu othawa nkhondo a ku Mozambique, amene nthawi imeneyo anali atadzaza m'midzi yathu ya m'malire. Munatsika bambo wachikulire wa chipewa chachikopa, n'kuyamba kunenerera mtengo ngati kuti mbatatayo tinalima naye limodzi. Ine sindinagonje. Tinakangana mpaka tonse tinaseka. Pomaliza anafunsa mfunda wanga, ndipo nditawauza anati, "A Nangozo, pakamwa panupa mpa muofesi. Kutaipa mumadziwa?"

Bambowo anali a Jubeki, mesenjala wa ofesi ya bungwelo pa boma pa Ntcheu. Dzina lawo lenileni linali lina, koma anagwira ntchito m'migodi ya ku Joni zaka zambiri, ndipo nkhani iliyonse, kaya ya maliro kaya ya nkhuku, ankaiyamba ndi mawu oti "ife ku Jubeki". Ndiwo anandiuza kuti kuofesi kwabwera kompyuta ndipo akufuna munthu wa zala zopepuka. Lolemba lake ndinavala siketi yanga ya kutchalitchi, yofika m'munsi mwa mawondo monga lamulo linkafunira, n'kuika khadi la chipani m'kachikwama, n'kukwera basi. Mawu oti kompyuta ndinali nditawamvapo, koma chinthucho ndinali ndisanachione ndi maso.

Anandilandira a Chapola, amene anakhala bwana wanga. Anali munthu woonda, wa mawu ochepa, wophunzira ku koleji, ndipo pamkono ankavala wotchi yachitsulo yolemera yomwe malemu bambo awo anabwera nayo kuchokera ku Halale. Kompyutayo inali m'kachipinda kakumapeto, atayifunditsa nsalu kuopa fumbi. Anaivundukula n'kundiuza kuti nditaipe ndime imodzi ya m'nyuzipepala. Ndinamenya mabataniwo mwamphamvu monga tinkachitira pa taipilaita, mpaka tebulo linagwedera.

"Pang'onopang'ono, a Nangozo," anatero. "Si mtondo uwu."

Ntchito ndinayamba tsiku lomwelo.

Kwa amene simunaionepo ntchito imeneyi, ndifotokoze pang'ono. Kompyuta payokha ndi mbuli. Imachita zokhazo zimene yauzidwa, ndipo zoiuzazo zimalembedwa m'mizere, wina pansi pa unzake. Mizere imeneyo ndiyo pulogalamu. A Chapola ankalemba mapulogalamu awo m'chinenero cha kompyuta chotchedwa dBASE, ndipo ntchito yake inali yowerengera kuti lole yopita ku Biriwiri, ya ku Lizulu ndi ya kumalo ena a m'malire inyamule matumba angati a ufa ndi nandolo komanso zigubu zingati za mafuta, malinga ndi mabanja olembedwa kumeneko. Chinenero chake si Chingerezi kwenikweni. Mawu ena ndi achingerezi ndithu, koma odukaduka, osakanikirana ndi manambala, mabulaketi ndi tizizindikiro tina, moti munthu wamba akaona amangoti wolembayo mutu wake sukuyenda bwino.

Akuluakulu a kulikulu la bungwe ankafuna buku lofotokoza mapulogalamuwo, kuti a Chapola akadzadwala kapena kusiya ntchito wina adzathe kupitiriza. Tsamba lililonse linkakhala ndi mbali ziwiri. Pamwamba pankakhala mawu wamba achingerezi ofotokoza zimene gawolo limachita, ndipo pansi pake mizere yeniyeni ya pulogalamu. Buku limenelo ndilo linali ntchito yanga. Ndinkalitaipa m'pulogalamu yolembera makalata yotchedwa WordStar, ndipo miyezi yoyambirira mizere ya pulogalamuyo ndinkaikopera ndekha, rula ili papepala kuti ndisasochere.

Ndisaname, ntchito imeneyo ndinadana nayo. Kalata ukaiwalamo kadontho, woilandira amamva ndithu zomwe ukunena. Pulogalamu ukaiwalamo kadontho kamodzi, yafa. A Chapola ankatenga tsamba langa, n'kuyendetsa pensulo mwakachetechete, kenako n'kuzunguliza kamalo kochepa ngati njere ya mpiru, n'kundibwezera osanena kanthu. Bola akanamandikalipira. Choipitsitsa chinali chakuti iwowo sankakhazikika. Ndikamaliza gawo Lachitatu, Lachinayi asintha mizere ingapo, basi buku langa lasanduka bodza. Ndinkayambiranso ndikutukwana chamumtima, pakamwa ndikuti "chabwino, bwana".

Tsiku lina a Chapola anabwera kuchokera ku Lilongwe akumwetulira, chinthu chomwe sichinkachitika wambawamba. Anati, "Lero tipanga chikombole." Anandikhazika pampando n'kundiuza kuti ndifufute m'bukumo mizere yonse ya pulogalamu yomwe ndinavutika nayo miyezi yonseyo. Ndinawayang'ana kawiri kuti ndione ngati ali bwinobwino. Pamalo pomwe panali mizereyo anandiuza kuti ndilembe kamzere kamodzi kokha, koyamba ndi kadontho kumayambiriro kwenikweni:

.fi B:GAWA.PRG

Kamzereko kankauza makina kuti akafika pamenepo apite pa disiki yomwe ili m'khomo B, limodzi la makomo olowetsera madisiki m'kompyuta, akatenge pulogalamu yotchedwa GAWA, n'kuilowetsa pamenepo yonse monga ilili. Buku lonse linatsala ndi mawu anga ofotokoza ndi timizere totereti, gawo lililonse kamzere kake. Posindikiza sunkadina P monga mwa masiku onse. Unkadina M. Makinawo ankayenda ndi bukulo, akafika pa kadontho n'kuima pang'ono, kagetsi kofiira ka pa B n'kuyaka, kenako pulinta n'kuyamba kulira ikutulutsa mizere ya a Chapola popanda chala changa kukhudzapo. Sabata yoyamba ndinadina P mwachizolowezi, buku n'kutuluka lili ndi mawu anga okhaokha, mapulogalamu onse mulibe. A Jubeki anaseka mpaka kutsokomola.

"Chikombole cha njerwa sichisintha," anandiuza a Chapola. "Dothi lomwe mwaponyamo lero ndilo njerwa ya lero."

Ndinasangalala tsiku limodzi lokha. M'mawa mwake ndinazindikira kuti ntchito yomwe anandilembera tsopano ikugwiridwa ndi kadontho. Ndinawafunsa mosapita m'mbali ngati ndiyambe kumanga katundu kubwerera ku mbatata. Anati ayi. "Makina atenga ntchito yokopera. Yofotokoza sangaithe. Muzindifunsa mpaka mumve, mukamva mulembe."

Apo anadziputira okha. Safunsa anadya phula, ndiye ine ndinkafunsa mpaka munthuyo kugwira mutu. Gawo la GAWA linandikanika kumva, moti anandikweza lole ya ku Biriwiri kuti ndikaone ndekha. Kunali kuzizira kwa m'mapiri kuja kolowa m'mafupa. Amayi anali pamzere ndi mabeseni ndi matumba, ena akulankhula Chichewa chonga chathu chomwe, ena akusakaniza ndi Chipwitikizi. Mayi wina anandigwira mkono n'kundifunsa ngati mafuta abwera ulendo uno, poti mwana wake ufa wokha ukumukana. Nditabwerera ndinalemba mawu a pamwamba pa tsamba la GAWA kamodzi kokha, ndipo pensulo ya a Chapola sinapeze pozunguliza.

Bwana wangayo anali ndi mwambo umodzi womwe ndinkauona ngati kuwononga zinthu. Akasintha pulogalamu sankalemba pamwamba pa yakale. Ankatenga disiki yatsopano, zija zikuluzikulu zofewa zokhala m'kaenvulopu, n'kukoperamo zonse, n'kulemba tsiku pa kapepala kake. Yakaleyo inkalowa m'chitini cha mabisiketi pamwamba pa kabati. Ndinkawanyoza kuti akusunga ngati agogo osunga mabotolo, iwo n'kungogwedeza phewa. Ine ndinkaika yatsopanoyo mu B, n'kudina M, buku latsopano n'kutuluka. Lakale linkaponyedwa m'katoni kuseri kwa chitseko.

Tsono masiku amenewo pepala silinali chinthu chotaya, makamaka limenelo. Linali loyera, lalitali, lolumikizana, la tizibowo m'mbali. A Jubeki sakanatha kuliona likungokhala. Katoni ikadzaza ankaikweza pa lole ya ku Lizulu n'kukapatsa mnzawo wakale, Che Saidi, amene anali ndi golosale pafupi ndi msika ndipo ankakulungiramo mchere, shuga ndi sopo wodula. Sichinali chinsinsi, tonse tinkadziwa. A Chapola enieniwo tsiku lina anagula zitumbuwa zokulungidwa m'pulogalamu yawo, n'kubwera akuseka kuti ntchito yawo tsopano yafika kwa anthu.

Koma chakudza sichiimba ng'oma. Chinafika chaka chija mvula inadula chimanga chisanamasule, ndipo bungwe linayamba kuthandizanso midzi yathu ya kutali ndi malire. A Chapola anawonjezera Kasinje m'pulogalamu ya GAWA. Chaka chomwecho m'dziko munayamba kuyenda makalata opanda dzina odzudzula boma. Ankapezeka m'mabasi, pansi pa zitseko, ngakhale pamabenchi a m'tchalitchi. Aliyense ankadziwa kuti makalata otero salembedwa ndi khasu, ndiye maso onse anali pa ife a makina. Tinkamva monong'ona kuti uje wa kuofesi yakutiyakuti anamutenga ali pa kompyuta, ndipo kwawo sakudziwa komwe ali. Azakhali anayamba kundiuza kuti mbatata siinamangitsepo munthu.

Linali Lachinayi m'mawa, ndikupukuta fumbi pa pulinta, pomwe panja panaima Landirova. Analowa amuna awiri osavala yunifolomu, koma nsapato zawo zinanena zonse. Wamkulu wake anali bambo wa imvi za m'mbali, wa jekete la bulauni, wolankhula mofatsa, ndipo kufatsa kumeneko ndiko kunandiopsa kwambiri. Anatulutsa kapepala kopindidwa m'thumba n'kukatambasula patebulo la a Chapola. Ndinakazindikira ndili chapatali. Linali theka lakumunsi la tsamba la GAWA, lamathothomathotho chifukwa cha chinyezi cha mchere. Che Saidi anali atang'amba tsambalo pakati, ndipo theka la mawu anga ofotokoza linapita ndi wogula wina. Patebulopo panali mizere ya a Chapola yokhayokha, mayina a malo a m'malire, manambala ndi mawu odukaduka aja.

Bamboyo anafotokoza yekha mmene linamufikira. Mnyamata wina wa chipani anagula mchere, n'kudabwa ndi zolembedwazo, n'kupita nazo kwa tcheyamani, tcheyamani n'kupita nazo kupolisi. Che Saidi anali atafunsidwa kale dzulo lake.

"Izi zinatuluka m'makina anu?" anafunsa.

"Inde, bwana," anayankha a Chapola. "Ndi pulogalamu yogawira chakudya."

"Aliyense amene tamupeza ndi pepala amati ndi la chakudya kapena la tchalitchi. Ine ndikuona malo olowera m'dziko muno, ndi manambala, m'chinenero chomwe mukuchidziwa inu nokha. Mukafotokoza bwino kutsogoloko."

Mawu oti "kutsogoloko" tonse tinkadziwa kuti alibe tsiku lobwerera. A Chapola anapempha kuti awaonetse pa kompyuta. Bamboyo anapukusa mutu, nati sangalole mwini wake kukhudza makinawo, angafufute zinthu iye ali pomwepo.

"Ndiye achite a Nangozo," anatero a Chapola. "Iwowa salemba mapulogalamu. Amasindikiza buku."

Bamboyo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kusiketi. "Chabwino. Akatulutsa tsamba lofanana ndi langali, ndiona. Inu mukadikire m'galimoto."

Asanatuluke, a Chapola anavula wotchi yawo ija n'kuiika pafupi ndi mabatani anga. "Zikavuta mukapatse mayi a kunyumba," anatero motsitsa mawu. "Muwauze kuti ndi ya mwana." Akazi awo anali oyembekezera, masiku atatsala pang'ono. Ndi pamene ndinamvetsa kuti munthuyu sakuyembekezera kugona kwawo tsiku limenelo, ndipo ngati pali chomubweza, chili m'zala zanga. Pazenera ndinawaona akukwera kumbuyo kwa Landirova, mwamuna winayo n'kuima pachitseko chake.

Disiki ndinayamba kuilowetsa chozondoka. Bambo wa jekete anakoka mpando n'kukhala pambali panga. Ndinamuonetsa chikombole pagalasi la kompyuta, mawu anga pamwamba, kamzere ka kadontho pansi pake, n'kumufotokozera zomwe kamachita. Anamvetsera bwino ndipo anafunsa mafunso oyenera. Sanali munthu wopusa ayi. Ndinadina M. Kagetsi ka B kanayaka, pulinta inalira, tsamba la GAWA n'kutuluka lathunthu. Ndinapuma, kuyesa kuti zatha.

Anapempha rula. Anaika tsamba langa kumanja, theka lake kumanzere, n'kuyamba kutsika mzere ndi mzere. "Chinenerochi sindichidziwa, achemwali," anatero, "koma maso ndili nawo." Atafika chapakati rula inaima.

"Apa pali Kasinje. Pa langa palibe Kasinje." Anadzutsa mutu n'kundiyang'ana. "Munamva kuti tafunsa Che Saidi, ndiye mwawonjezera malo a kutali ndi malire kuti zioneke zachilungamo."

Chinthu chomwe tinkachinyadira, choti buku lathu nthawi zonse limatenga pulogalamu ya lero, ndicho chinali kutipachika. Theka lake lija linasindikizidwa kale, Kasinje asanalowe. Ndinayesa kufotokoza koma mawu ankatuluka opanda mutu. Iye anayamba kupinda mapepala, n'kuuza a Jubeki, amene anali chilili pakhomo, kuti apeze chingwe chomangira kompyuta, ipite nawo limodzi.

Sindidziwa komwe ndinatenga mphamvu. Mwina ndi pakamwa pa pamsika paja. Mantha anasanduka mkwiyo, ndipo ndinangomva ndikunena kuti, "Bwana, munandiuza kuti nditulutse tsamba, simunandiuze kuti la liti. Chikombolechi chimaumba dothi lomwe mwaponyamo. Ndipatseni mpata ndiponyemo lakale."

A Jubeki anatseka maso. Masiku amenewo mtsikana sankayankha munthu wotere choncho.

"Lakalelo lili kuti?" anafunsa bamboyo.

Ndinaloza chitini cha mabisiketi chomwe ndinkachinyoza chija.

A Jubeki anachitsitsa, ndipo bamboyo anachitsegula yekha. Madisiki anali atandandalikidwa bwinobwino, iliyonse ndi tsiku lake. Ndinkafuna yomaliza ya nthawi yomwe Kasinje anali asanalowe. Ndinakumbukira kuti Kasinje analowa titangoona chimanga chikufota, ndiye ndinasankha ya kumbuyo kwa nthawi imeneyo. Ndinaiika mu B n'kudina M. Khomolo linayamba kukukuta ngati khoswe wa kudenga, kukukuta, kenako zii. Pagalasi panabwera uthenga woti disikiyo sikuwerengeka. Ndinaitulutsa n'kusuzumira pa kabowo kake. Inali itachita chuku ndi chinyezi cha dzinja.

"Yafa," ndinatero.

"Yafa yokha, kapena mwaipha?"

Wotchi pambali pangapo inkangogunda, ndipo panja a Chapola anali ataweramitsa mutu. Ndinatenga disiki yoyandikana nayo, yakale pang'ono kuposa iyo. Sindinkadziwa ngati pakati pa ziwirizo anasinthapo kanthu. Akanakhala kuti anasintha ngakhale nambala imodzi, rula ija ikanaimanso, ndipo sindikanakhalanso ndi chonena. Ndinaiuzira mpweya ngati kuti zithandiza, n'kupemphera pemphero lalifupi kuposa onse amene ndinapempherapo, n'kudina M. Kagetsi kanayaka, kuzima, kuyakanso. Kenako pulinta inalira. Phokoso limenelo ndinkadandaula nalo tsiku ndi tsiku, koma m'mawa umenewo ndikanatha kulivinira.

Bamboyo anang'amba tsambalo yekha pa pulinta. Rula inatsika, kutsika, mpaka pansi osaima. Sanakhutire. Anapita pazenera, n'kusanjika theka lake pamwamba pa tsamba latsopano, n'kuzikanikiza zonse pagalasi kuti dzuwa lipyoze. Chilembo chilichonse chinakhala pa chinzake. Anaima pamenepo nthawi yaitali, ndipo kuseri kwa pepalalo ndinkaona a Chapola atadzutsa mutu, akuyang'ana zenera lomwelo. Kenako bamboyo anawerenga theka lakumtunda, lomwe iye analibe, milomo ikuyenda pang'onopang'ono. Anali mawu anga aja ndinalemba nditachoka ku Biriwiri, onena kuti gawoli limatenga chiwerengero cha mabanja pamalo aliwonse n'kupeza katundu woti akwere lole.

"Ndiye ndi ufa," anatero.

"Ufa, bwana, nandolo ndi mafuta."

"Pamwambapa analemba ndani?"

"Ndine."

"Mukanalemba ndi pansi pomwe, sindikanawononga petulo wa boma."

Anatembenuka n'kufunsa kuti mapepalawo ankapita nawo ku Lizulu ndani. A Jubeki anavula chipewa okha n'kubwera kutsogolo. "Ndine, bwana. Ife ku Jubeki pepala sititaya."

"Kuno si ku Jubeki, madala. Kuyambira lero muziwotcha."

Anapinda masamba onse n'kuika m'jekete, n'kutuluka osatsanzika. Ndinamuona akulankhula ndi mnzake uja, mnzakeyo n'kutsegula chitseko cha kumbuyo. A Chapola anatsika ngati munthu wodwala, ndipo Landirova inanyamuka iwo asanafike n'komwe pakhonde.

Analowa n'kukhala pampando pomwe panakhala bambo uja. Ndinawakankhira wotchi yawo. Anaitenga n'kuyesa kuivala, koma zala zinkakanika kupeza kachitsulo komangira. Anayesa kachiwiri, zinakanika. A Jubeki anawerama n'kuwamangira, monga mmene umachitira ndi mwana wopita kusukulu, n'kuwasisita pamkono. Ine ndinathawira kuseri kwa ofesi, pafupi ndi mulu wa matumba opanda kanthu, n'kulira mokweza. Sikunali kulira kwa chisoni. Mtima unali utakhala pansi. Mpumulo wonga umenewo sindinaumvenso moyo wanga wonse. Mwana wa a Chapola anabadwa pasanathe mwezi, bambo ake ali pakhomo la chipatala akuyendayenda ndi wotchi pamkono.

Amene anadandaula ndi Che Saidi yekha. Nditadutsa pa golosale yawo ndikupita kwa azakhali, anandiitana n'kunena kuti, "Mwana wanga, pepala lanu linandigoneka ndi mantha, koma lokulungira bwino ngati limene lija sindidzalipezanso."

Ndagwira ntchito ya makompyuta m'maofesi angapo kuchokera nthawi imeneyo. Makina a masiku ano amatulutsa buku lonse la pulogalamu munthu asanamalize kumwa tiyi, ndipo achinyamata amandiseka ndikawauza za kadontho ndi khomo B. Ndimawasiya aseke, kenako ndimawauza zinthu ziwiri zomwe ndinatola tsiku lija. Choyamba, chakale usataye chifukwa chatsopano chabwera, poti tsiku lina adzakufunsa za dzana ndipo chikombole chidzakupatsa za lero. Chachiwiri, mizere ya pulogalamu usaisiye iyende yokha popanda mawu a munthu. Makina amakopera mosalakwitsa, koma sadziwa kuti tsambalo lidzagwera m'manja mwa yani, ndiponso lidzafika lathunthu kapena long'ambika.

Chachiwirichi ndinachigwirira ntchito masana a tsiku lomwelo, maso akadali ofiira. Ndinatsegula chikombole n'kuwonjezera timizere tiwiri ta kadontho, ka .he kolemba pamutu pa tsamba lililonse ndi ka .fo kolemba kumapazi kwake. Monsemo ndinaikamo mawu amodzimodzi, m'Chichewa, kuti pepala likapulumuka kumoto, ngakhale mnyamata wogula mchere amve: "Pepala ili ndi la kompyuta yowerengera ufa wa anthu ovutika, si la zina ayi." Ndinadina M n'kupereka tsambalo kwa a Chapola. Analiwerenga pamwamba, n'kuliwerenga pansi. Kenako anaseka koyamba tsiku limenelo.

"Muikenso pakati, a Nangozo," anatero. "Che Saidi mchere ukakhala wochepa amang'amba panayi."